NSOLO NDI MPIRA: MANKHWALA A MTIMA WA MWANA WA SUKULU

Makolo ambiri m'makomboni a Chipata, monga Kapata ndi Mchini, amakalipa akaona mwana wa sukulu wabwera ndi fumbi m'miyendo. Amati wataya nthawi. Koma pa msinkhu wa zaka 13 kufika 19, masewera oyendetsedwa bwino athandiza umoyo ndithu, kaya ndi m'tauni kapena ku masukulu a m'boma la Mambwe ku cigwa ca Luangwa.

Cifukwa cake cili m'mutu. Mbali ya kutsogolo ya bongo, imene iletsa munthu kucita zinthu mopupuluma, imatsiriza kukhwima pa zaka pafupi-fupi 25. Thupi likula msanga, nzeru yodziletsa ibwera pambuyo. Motero mnyamata wamtali ngati atate ake angathe kumenyana cifukwa ca pensulo, ndipo mtsikana angathe kubvomera cimene mtima wake ukana, kuopa kusekedwa. Kufufuza kwa zaumoyo kwa mu 2018 kunapeza kuti m'Zambia atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 kufika 19 anali ndi pakati kapena anali atabala kale. Lamulo la mu 1997 liwalola kubwerera ku sukulu, koma ambiri sabwerera.

Kudziletsa sikulowa ndi coko ca pa bolodi, kufuna kuyeseza. Pa nsolo mwana awerenga miyala asanagwire, adikira mnzace atsirize, ndipo akadyedwa pamaso pa anthu aphunzira kumeza mkwiyo ndi kuyambanso. Pa mpira aphunzira kupatsira, kumvera wenzulo, ndi kugwirana canza ndi amene wamugwetsa.

Bungwe la Grassroot Soccer, limene linayambira ku Bulawayo mu 2002 ndipo linafikanso m'Zambia, lili ndi sewero limene sukulu iriyonse ingacite ndi mpira wa mapulasitiki. Ana ayendetsa mpira pakati pa zizindikiro zoikidwa pansi. Cizindikiro ciriconse cili ndi dzina: mowa, zibwenzi zambiri, cibwenzi cacikulire. Poyamba, wogunda cizindikiro acita mapuresapu yekha. Kaciwiri, gulu lake lonse licita naye. Pamenepo ana aona okha kuti kulakwa kwa mmodzi kugwera banja lonse, ndipo ayamba kucenjezana popanda mphunzitsi kuwauza.

Ku Mfuwe pomangira alipo kale. Project Luangwa inayambitsa makalabu a atsikana m'masukulu, Chipembele Wildlife Education Trust iri ndi makalabu osunga cilengedwe, ndipo gulu la SEKA lakhala likuphunzitsa anthu ndi zisudzo za Cikunda. Sewero limene mtsikana ayeseza kukana mwamuna womulonjeza foni limupatsa mau okonzeka tsiku limene zidzacitikadi.

Cimene aphunzitsi ambiri aiwala ndi kukambirana. Masewera akatha, ana akhale pa mthunzi mphindi 10 ndipo afunsidwe: Unamva bwanji pamene anakuseka? Unacita ciani? Nanga kunyumba ukakwiya umacita ciani? Popanda mafunso awa, watsala ndi thukuta cabe. Mphunzitsi wonyoza gulu logonja, kapena wosankha ana amphamvu okha-okha, aononga zonse. Mwana wamanyazi ndiye ayenera kupatsidwa wenzulo nthawi zina.

Cigwa cili ndi malamulo ace. M'mwezi wa October kutentha kupitirira madigiri 40, conco masewera othamanga acitike m'mawa ndipo madzi akumwa akhale pafupi. Mwana akayamba cizwezwe, mutu ndi kusanza, agonekedwe pa mthunzi, athiridwe madzi m'thupi. Akasokonezeka mutu apite naye ku cipatala msanga. Masewera athe dzuwa likali m'mwamba, pakuti m'madera a Mfumu Kakumbi ndi Mfumu Nsefu njobvu zimadutsa m'njira za ana madzulo. Wodwala mphumu kapena khunyu asaletsedwe kusewera, koma mphunzitsi adziwe za matenda ace.

Makolo nawonso ayang'ane. Mwana amene anali kukonda mpira, ndiye wangoleka, sadya, sagona, akhala yekha kwa milungu iwiri kapena kuposa, si ulesi ai. Kungakhale kubvutika maganizo, mimba yobisa, kapena wina akumucita zoipa. Amutengere ku kiliniki yapafupi, monga ya Kakumbi, kapena ku cipatala ca Kamoto. Mwana woopa kulankhula ndi makolo angathe kuimba nambala ya 116, yaulere, usana kapena usiku.