Kodi mandimu amamanga thupi?

Anzanga, sabata yatha tinatsutsana kwambiri panjira pobwera kusukulu. Mnzathu wina ankanyambita ndimu lothira mchere uku akunena kuti, "Ine ndikumanga thupi, chaka chino mundiona." Ena anavomereza, ati chipatso chilichonse chimamanga thupi basi. Ine ndinakafufuza m'mabuku a sayansi, ndiye nazi zomwe ndapeza. A Fomu 2 muwerenge bwino, JCE ili pafupi.

Zakudya zomanga thupi ndi zomwe zili ndi mapuloteni ambiri. Mapuloteni ndiwo amakuza minofu, amakonza pomwe tavulala, komanso amathandiza kupanga magazi. Munthu wa msinkhu wathuwu amafunika magalamu pafupifupi 50 a mapuloteni pa tsiku.

Tsono taonani mapuloteni omwe amapezeka m'magalamu 100 a chakudya chilichonse mwa izi:

Soya wouma: magalamu 36
Mtedza: magalamu 26
Nyemba zouma: magalamu oposa 20
Mazira: magalamu 13
Chimanga: magalamu 9
Mandimu: galamu imodzi yokha
Timandimu ting'onoting'ono tobiriwira tija: sitikwana n'komwe galamu imodzi

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti upeze magalamu 50 kuchokera ku mandimu okhaokha, uyenera kudya makilogalamu oposa 4 pa tsiku. Mano angatsale koma? Pomwe mtedza wa magalamu 200 okha ukukwanitsa ntchito yomweyo. Ngakhale mtedza wodzadza dzanja limodzi umaposa theka la kilogalamu ya mandimu. Ukafinya madzi okha n'kutaya zotsalazo ndiye kwatha, mapuloteni ake amachepa kuposa pamenepo.

Bungwe la FAO, lomwe limaona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse, limawerengera chaka ndi chaka kuchuluka kwa mapuloteni omwe chakudya chilichonse chimapereka kwa munthu mmodzi pa tsiku m'dziko. Mandimu nawo ali pa mndandandawo, koma gawo lawo ndi laling'ono zedi. Kuno ku Malawi mapuloteni ambiri timawapeza m'chimanga, osati chifukwa choti chili ndi ochuluka ayi, koma chifukwa nsima timadya yambiri tsiku ndi tsiku. Vuto lake n'lakuti mapuloteni a m'chimanga ndi osakwanira paokha. Amakwanira tikaphatikiza ndi nyemba, khobwe, nandolo, soya, usipa kapena mazira.

Ndiye mandimu ndi achabechabe? Ayi ndithu. Ntchito yawo ndi ina, ndiyo kuteteza thupi. M'magalamu 100 a mandimu muli mamiligalamu pafupifupi 50 a vitamini C. Munthu akasowa vitamini ameneyu amatuluka magazi m'nkhama, mano amagwedera, zilonda sizipola msanga. Kale matendawa ankapha anthu ambiri oyenda miyezi yambiri panyanja zikuluzikulu osadya zipatso. Mu 1747, dokotala wina wa ku Scotland, James Lind, anayesa kupatsa odwala m'sitima zinthu zosiyanasiyana, ndipo omwe anadya malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga.

Chinanso, vitamini C amathandiza thupi kutenga mchere wa ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba monga bonongwe ndi nkhwani. Ayironi ndi wofunika kuti magazi asachepe, makamaka kwa atsikana. Choncho ukadya nsima ya nyemba n'kutsitsira madzi ofinyira ndimu, wachita bwino. Nyemba zamanga, ndimu lathandiza.

N'chifukwa chake a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Gulu lililonse lili ndi ntchito yake. Ndimu lili m'gulu la zipatso, ndipo silingalowe m'malo mwa nyemba.

Nkhaniyi si ya mayeso okha. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Amenewa ndi ang'ono athu omwe timawabereka kumbuyo tikaweruka. Chodabwitsa n'chakuti kuno ku Kasungu, kupatula fodya yemwe amapita ku Chinkhoma, timalimanso mtedza ndi soya wambiri. Koma tikangokolola, mavenda amafika ndi masikelo awo, ife n'kugulitsa zonse osasiyako ndi ndowa imodzi yomwe. Ikafika Januwale, m'mbale mumangokhala nsima ndi masamba owiritsa, opanda ndi nsinjiro zomwe. Ndalama ya fodya nayo imakhala itatha kalekale.

Ife ndi ana, sitingalamule makolo. Koma titha kuwapempha mwaulemu kuti, "Amayi, bwanji thumba limodzi la mtedza lisagulitsidwe, likhale lotendera ndiwo?" Titha kuthandiza kukazinga soya ndi kukagayitsa pamodzi ndi chimanga kuti m'mawa tizimwa phala tisanayambe ulendo wa kusukulu. Ngumbi ndi matondo zikatuluka tisachite nazo manyazi, nazonso ndi zomanga thupi.

Funso la sabata ino: mtedza wa magalamu 100 ungafanane ndi makilogalamu angati a mandimu pa mapuloteni? Lembani yankho lanu pa kapepala, mumate m'munsimu.

Mnzanu wa mu Fomu 2