Juzi Imene Simudzaimaliza, Imasuleni

Kunsi kwa bedi langa kunakhala sutikesi yobiriwira kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Munali juzi ya mwana wanga wachiwiri yopanda mkono umodzi, singano zolukira zili zotsomeka momwemo. Munalinso zitenje zitatu zimene ndinadula kale kuti ndisoke madiresi, kabotolo ka mikanda, ndi nsalu ya patebulo imene ndinapetapo maluwa awiri n'kulekeza. Juziyo ndinaiyamba mwanayo akukwawa. Tsiku limene ndinaitulutsa n'kuti ali Sitandade 2.

Nthawi yonseyo, tsache likangogunda sutikesiyo mtima unkati myuu, ngati ndakumana pamsika ndi munthu amene ndili naye ngongole. Ntchito yamanja yolekeza panjira imalemera chifukwa mkati mwake muli ndalama imene tinaononga, masiku amene tinakhalira pamkeka tikuluka, komanso mawu amene tinauza wina kuti "ndikulukira, dikira." Choncho timaopa kuitaya, komanso timaopa kuiyang'ana. Pamene tikuzengereza, njenjete, mphemvu ndi chinyezi cha dzinja zimakhala zikugwira ntchito yawo.

Sankhani tsiku limodzi louma, makamaka m'mwezi wa Meyi, mvula itatha koma chisanu cha Juni chisanalimbe. Yalani mphasa pakhonde n'kutulutsa zonse: za m'sutikesi, za m'katoni pamwamba pa kabati, za m'majumbo kuseri kwa chitseko, ndi mkeka wosatha uja munaupachika kudenga la khitchini. Musatulutse pang'onopang'ono. Munthu amafunika kuona mulu wonsewo ndi maso ake kuti avomere kuti manja awiri sangathe zonsezi.

Yambani ndi zinthu za eni ake. Ngati pali chitenje chimene mnansi kapena alamu anu anakupatsani kuti muwasokere cha pachinkhoswe, chinkhoswecho n'kudutsa, chibwezeni sabata yomweyo. Chikulungeni bwino, mupite nokha, munene zoona: "Pepani, ndalephera." Ngati munalandirako ndalama, bwezani ngakhale pang'onopang'ono. Ngati nsaluyo munaidula kale, pitani nayo kwa telala wa pamsika, mumulipire kuti amalize. Chibale chambiri chimazizira chifukwa cha nsalu ya mamita awiri, mwini wake akuchita manyazi kufunsa, wosoka akuchita manyazi kuyankha.

Zikatsala zanu, tolani chimodzichimodzi n'kudzifunsa moona mtima: amene ndinkamupangira chinthuchi akuchifunabe? Chikadali cholimba? Nanga lero, ndikanakhala kuti sindinachiyambe, ndikanachiyamba? Funso lachitatuli ndiye lopweteka, koma ndi limene limamasula. Mukayankha kuti ayi, musawerengenso ndalama zimene munagulira ulusi. Ndalamazo zinapita tsiku lomwe munapereka pakauntala, ndipo kusunga juziyo zaka zina zisanu sikuzibweza.

Kulimba kwa chinthu kuyeseni ndi manja. Nsalu ikokeni pang'ono pamzere pamene inapindidwa; ikang'ambika mosavuta ndiye kuti yafumbwa kapena yaola, yasanduka chikolopa basi. Ngati yachita chuku ichapeni, muiyanike padzuwa, muone ngati madontho ndi fungo zichoka. Mlaza umene wauma kwambiri uviikeni m'madzi usiku umodzi. Ukamathyokabe poupinda, upite kudzala. Nsungwi kapena bango zimene zikutulutsa kaufa mukazigogoda zalowa tizilombo, ziotcheni msanga zisanapatsire malichero ndi madengu abwino. Singano zadzimbiri pang'ono zimayera mukazikwecha ndi sitiliwulo, koma zodyeka zimadetsa nsalu, zitayeni m'chitini chotseka kuti mwana asaponde.

Pa mulu wonsewo musunge ziwiri zokha, zimene mtima wanu walumphira, ndipo chilichonse muchiikire tsiku. Lembani pakalendala: diresi lithe pofika pa 30 Juni. Chiikeni poonekera, m'dengu pafupi ndi pamene mumakhala madzulo, osati kubwerera m'sutikesi. Tsikulo likadutsa musanachikhudze, mwadziyankha nokha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono za kumasula zoluka, poti apa ndi pamene ambiri dzanja limanjenjemera. Ulusi wambiri umene timagula m'mashopu ndi wa akiliriki, suola msanga, ndipo umalukikanso bwinobwino. Sololani singano, mupeze nsonga imene munalekezera, mukoke pang'onopang'ono uku mukuukulunga kumsana kwa mpando. Ukatha, mangani mkombero wa ulusiwo malo anayi ndi tizingwe kuti usapiringizike, muuchotse pampando, muuviike m'madzi ofunda okhala ndi sopo pang'ono. Musautikite. Utsukuluzeni, muufinye ndi thawulo, muuyanike pamthunzi. Ukauma mapindikidwe aja amakhala atachepako, ndipo mutha kuukulunga timipira. Juzi ya mwana wanga inanditengera madzulo amodzi kuimasula. Ndinalira pang'ono, sindibisa, pokumbukira kuti mizere ina ndinailuka usiku ndikumuyamwitsa. Koma m'mawa mwake ndinali ndi mipira inayi ya ulusi woyera bwino.

Ulusi wotere uli ndi kopita. Lipoti limene bungwe la WHO linatulutsa ndi mabungwe ena mu 2012 linasonyeza kuti mwa ana 100 obadwa m'Malawi, pafupifupi 18 ankabadwa masiku asanakwane. Ana oterewa amazizidwa msanga. N'chifukwa chake zipatala zathu zimagwiritsa ntchito njira ya kangaroo, imene m'dziko muno inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999: mayi amaika khanda pachifuwa, khungu kukhudza khungu, n'kulimanga ndi chitenje. Mutu wa khandalo umakhala panja, ndiye umafunika kachipewa. Kachipewa kotero n'kakang'ono zedi, kamatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kampira kamodzi ka ulusi kamakwanira. Kafunseni kaye anamwino a kuchipatala cha kwanuko ngati akulandira tizipewa totere ndi kukula kumene akufuna, ndipo mutichape musanapereke. Munthu amene analephera juzi yonse amatha kachipewa, ndipo kumaliza kanthu kamodzi kumabwezeretsa chilakolako cha manja.

Zidutswa za nsalu nazo zili ndi ozifuna. M'sukulu zambiri za pulaimale muli magulu a amayi amene amasokera atsikana nsalu zochapa zogwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Nsalu ya thonje yoyera bwino kwa iwo ndi chuma. Amayi a Chigwirizano, a Mvano kapena a Dorika amadziwa nyumba zimene mukusoweka chofunda. Achinyamata amene akuphunzira utelala amafuna nsalu yophunzirirapo kudula, yoti akalakwitsa asalire nayo. Tizidutswa tating'ono kwambiri timatsomekedwa pathumba n'kukhala chopondera cha pakhomo. Koma perekani zabwino zokha. Chinthu choola n'chakudzala, musakasenzetse nacho mnzanu.

Pali zina zimene sindingakuuzeni kuti mufulumire nazo. Mwina nsalu yopetayo anailekeza ndi malemu mayi anu. Mwina tizovalato munkasokera khanda limene silinafike pakhomo. Izi musaziike pamulu umodzi ndi zinazo. Ngati mtima sunakonzeke, zichapeni, muzikulunge m'nsalu yoyera, muzisunge pouma, ndipo mudziuze kuti ichi ndi chikumbutso, si ntchito yondidikira. Ena amadula duwa limodzi limene mayi anapeta n'kulisokerera papilo kapena kuliika m'felemu, zotsalazo n'kuzilola kupita. Itanani mchemwali wanu kapena azakhali adzakhale nanu tsikulo.

Musaiwale foni. Zithunzi za masitayilo a madiresi, zikwama za mikanda ndi zoyala pamipando zimene munasunga kuchokera pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp nazonso ndi malonjezo, ndipo ndi zimene zimakutumani kukagula nsalu ina musanamalize yoyamba. Siyani zisanu, zinazo fufutani. Ndipo mpaka ziwiri zija zitatha, mukamadutsa pa ogulitsa zitenje ndi ulusi, ndalama ikhale m'chikwama.

Sutikesi yanga yobiriwira pano ndimasungiramo mabulangete. Inu amene mukuwerenga, yanu ili pati? Loweruka likubwerali dzuwa likangotuluka, yalani mphasa pakhonde, muitulutse.