Za Kusunga Damu Laling'ono pa Dziko Lanu

Inu eni mabanja a ku Mzimba, ku Embangweni, ku Edingeni, ku Champhira ndi ku Jenda, mudziwa kuti mvula ikaleka mwezi wa Epulo siibweranso kufikira Novembala kapena Disembala. Pofika Okotobala timitsinje tambiri tothira mu South Rukuru taphwa, ndipo ng'ombe ziyenda mtunda wautali kufuna madzi. Cifukwa cace anthu ena achinga khwawa ndi khoma la dothi kuti madzi aime pa dziko lao. Amene anafika ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, anaona damu lalikuru la mtundu umenewu. Koma pano tinena za laling'ono, la munthu mmodzi.

Damu lotere ndi cuma. Zoweta zimwapo, dimba lithiriridwa, ndipo agwape, nkhanga, akakowa ndi abakha a m'thengo abwera. Koma madzi ngolemera. Madzi odzaza dzenje la mita 1 m'litali, m'lifupi ndi kuya alemera makilogalamu 1,000, ndiwo matumba 20 a cimanga. Khoma likagumuka usiku, katundu yenseyo atsikira pa madimba ndi nyumba za anansi anu a kumunsi.

1. Musanayambe kukumba

Kambani ndi mfumu ya mudzi ndi onse okhala kumunsi kwa khwawa, pakuti madziwo ngaonso. Lamulo la madzi la caka ca 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo ndilo lipereka cilolezo cochingira madzi. Funsani mlangizi wa zaulimi akuonetseni njira yace, aonenso malowo. Musamange pamwamba peni-peni pa mudzi kapena njira ya ana a sukulu.

2. Mamangidwe a khoma

Cotsani udzu, zitsa, mizu ndi dothi lonse lapamwamba. Kumbani ngalande pakati, modutsa khwawa, kufikira mutapeza nthaka yolimba, ndipo muidzaze ndi dongo. Ngalandeyi ndiyo iletsa madzi kuyenda pansi pa khoma. Mcenga wokha udutsa madzi, ndipo makande okha ang'ambika ndi dzuwa; dothi labwino ndi katondo wokhala ndi dongo. Thirani dothi lonyowa pang'ono, masentimita 15 okha nthawi imodzi, ndi kulitsendera ndi minsi musanathire lina. Khoma lisakhale cirili. Pa mita 1 iri yonse ya msinkhu, mbali ya kumadzi itambalale mamita 3, ndi mbali ya kumunsi mamita 2. Pamwamba pace pasacepere mamita 2 m'lifupi.

3. Potayira madzi

Akuru anati madzi saiwala khwawa. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale idzadzaza damu, ndipo madzi otsala adzafuna njira. Akasefukira pamwamba pa khoma alidya msanga, pakuti khoma la dothi silipirira madzi oyenda pamsana pace. Tsono kumbani ngalande yotakata pambali, m'nthaka yosakumbidwa kale, yotsika mita 1 kapena kuposa kunsi kwa msonga ya khoma, ndipo ikatayire madzi kutali ndi tsinde lace. Bzalanimo kapinga. Musaichinge ndi matumba a mcenga pofuna madzi ambiri, kapena ndi ukonde pofuna kusunga nsomba. Zinyalala zidzakodwa pamenepo ndipo madzi adzakwera.

4. Adani a khoma

Mitengo: mizu yace iboola khoma, ndipo ikaola isiya njira za madzi. Zulani timitengo tikali tating'ono. Mtengo waukuru umene unakula kale musauzule nokha, itanani mlangizi.

Ciswe ndi mbewa: zikumba mauna m'kati. Mukaona culu cirikuyamba, cikumbeni conse ndi kutsenderamo dongo.

Ng'ombe: ziboda zace zipanga tinjira timene mvula isandutsa zigwembe. Mangani mpanda, ndipo zoweta zimwere kumtunda kwa dziwe, kutali ndi khoma.

Moto: musaoche udzu wa pa khoma. Ingoumwetani, kuti muthe kuona ming'alu.

5. Zizindikiro zoopsya

Yenderani khoma lonse mvula isanayambe, ndiponso m'mawa uli wonse itagwa mvula yaikuru. Madzi ocepa ndi oyera ocuca kunsi kwa khoma apezeka pa madamu ambiri. Muwayang'anire ngati alikucuruka. Koma madzi otuluka amatope atanthauza kuti dothi la m'kati lirikucoka. Cimodzimodzinso mng'alu wodutsa khoma, malo otitimira pamwamba, kapena madzi ozungulira ngati alikulowa m'una. Mukaona cimodzi ca izi, yambani mwacenjeza a kumunsi acoke ndi ana ndi zoweta, ndipo tumizani mau kwa mfumu ndi mlangizi. Musaime pa khoma, ndipo musalidule pakati.

6. Anthu ndi nyama

Mwana amira ngakhale m'madzi ofika m'maondo. Ana asapite ku damu okha, ndipo pafupi pakhale nsungwi yaitali yoponyera womira. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, tizirombo tace tilowa m'nkhono, ndipo potuluka tiboola khungu la osamba. Motero cimbudzi cikhale kutali, asasambemo munthu, ndipo wokodza magazi apite ku cipatala, kumene mankhwala alipo. Udzudzu uswana m'timadzi ta m'mapazi a ng'ombe. Kwirirani timaenjeto, ndipo ikani makumba kapena cilunguni m'dziwe. Madzi a damu samwedwa osaphitsa.

Mbali imodzi ya kumtunda isiyeni ndi chire ndi bango, yotsetsereka pang'ono-pang'ono, kuti nyama zazing'ono zimwe ndi kutuluka bwino. Musachere misampha pamenepo, ndipo musatsukiremo mpope wa mankhwala a fodya, pakuti apha nsomba ndi acule. Ng'ona itsata madzi osefukira. Ikaoneka, letsani anthu onse ndipo dziwitsani a nthambi yoona za nyama za m'thengo.

Nchito yaikuru ya damu icitike Seputembala ndi Okotobala, madzi ali ocepa. Kwirirani ming'alu, lambulani potayira, bwezani dothi pamene patitimira. Mukadikira mvula yoyamba, dothi latsopano silidzagwira.