Yankho la Kalata: Mneni wa "Suspect"

Omvera amene alemba kalata yofunsa za mneni wachingerezi "suspect" adziwe kuti mawuwa, omwe gwero lake ndi Chilatini, amatanthauza kuganizira munthu choipa umboni usanapezeke, ndipo mlanduwo umatchulidwa pambuyo pa "of", monga momwe apolisi amanenera kuti "suspected of theft" pokamba za woganiziridwa kuba. Pocheza tanthauzo limafewa, chifukwa wonena kuti "we suspect it will rain" akungoona ngati mvula igwa. Apa ndiye ambiri amapunthwa posokoneza mawuwa ndi "doubt", chonsecho wonena "doubt" akukayika zoti chinthucho chichitika, pamene wonena "suspect" mtima wake wapendekera koti chichitikadi. Katchulidwe nakonso nkosiyana, pakuti mneni amatsindika phatikizo lomaliza, koma dzina lakuti "suspect", lotanthauza woganiziridwayo, limatsindika loyamba.