Phunziro la mwezi uno: Nyali ya njinga yamoto ndi chiphaso cha COF

Amayi anzanga, ambiri a ife tinakwerapo kabaza usiku, kaya tikuperekeza mayi woyembekezera kuchipatala, kaya tikuchokera kumaliro. Enanso tinatenga ngongole ku banki mkhonde n'kugulira mwana njinga yamoto kuti azipezerapo ya ndiwo. N'chifukwa chake mwezi uno tikambirana za nyali ya njingazi ndi zimene lamulo limafuna.

Njinga yamoto, monga galimoto ina iliyonse, imayenera kulembetsedwa, kukhala ndi inshuwalansi komanso kuyesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti a Road Traffic, potsata lamulo la Road Traffic Act la chaka cha 1997. Njinga ikakhoza imalandira chiphaso cha COF, ndipo chiphasochi chimatha, kotero njinga imayenera kukayesedwanso. Woyesa amaona mabuleki, matayala, hutala ndi nyali.

Pa nyali yakutsogolo, sikuti bola ikuyaka. Iyenera kukhala yomangidwa bwino, yosagwedera, galasi lake losasweka, ndipo iziwala moyera. Kuwala kofiira n'kwakumbuyo, chifukwa ndiko kumauza wobwera m'mbuyo kuti kutsogolo kuli munthu. Nyali iziyaka mwa mitundu iwiri: fulu, yoona patali mumsewu wopanda anthu, ndi dimu, yoyang'ana pansi pokumana ndi ena. Switchi yosinthira iyenera kugwira ntchito.

Pamene njinga zambiri zimalakwira ndi pa dimu. Kuno timayenda kumanzere, ndiye dimu iyenera kugwera pamsewu patsogolo pa njinga, osati m'maso mwa woyendetsa amene akubwera kudzanja lamanja. Munthu wothobwedwa m'maso amayenda mamita angapo osaona kanthu, ndipo m'mamita amenewo mutha kukhala mwana wochokera kuchigayo kapena ngolo yopanda nyali. Kuyesa kwake mungathe kuchita pakhomo. Kukada, imikani njinga pamalo osalala, mapazi angapo kuchokera pakhoma, woyendetsa atakhalapo. Yatsani dimu. Pamene kuwala kukuthera pamwamba pazikhala pamunsi pang'ono poyerekeza ndi msinkhu wa nyaliyo kuchokera pansi. Kukakwera kupitirira pamenepo, nyali ikuloza kumwamba, ndipo makaniko aliyense atha kuiwongola ndi sipanala. Kenaka wina akhale kumbuyo muonenso. Kumbuyo kukalemera njinga imadzuka kutsogolo ndipo nyali imakwera nayo. Ndiye taganizani njinga yonyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga.

Anyamata athu amakondanso kuchotsa babu wobwera ndi njinga n'kuikamo wa LED wowala kwambiri. Mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali inapangidwa molingana ndi babu wa mtundu wake, ndipo mukaikamo wina kuwala kumangomwazikana. Njinga imaoneka yokongola pasiteji, koma woyendetsa saona dzenje bwino ndipo akuthobwa anzake. Timanyali tothwanima ta buluu ndiye musalole n'komwe, chifukwa mtundu umenewo pamsewu ndi wa apolisi.

Ine ndinakwerapo kabaza usiku wina, woyendetsa ataluma foni kukamwa kuti tochi yake itiunikire. Anati babu anapsa sabata yatha. Ndinakhala chete chifukwa ndinali pa changu, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Tinafika bwino, koma galimoto iliyonse imene inatidutsa sinkadziwa kuti tilipo mpaka itayandikira. Mtengo wa babu sungafanane ndi wa kugona m'chipatala miyezi iwiri mwendo uli pa chitsulo.

Amene muli ndi ana ku South Africa mwina munamvapo kuti kumeneko lamulo limafuna kuti nyali ya njinga yamoto iziyaka ngakhale masana. Njinga ndi yopyapyala, ndipo woyendetsa lole saiona msanga. Ndi chizolowezi chabwino kuti athunso atengere, makamaka nyengo ya mvula ndi ya fumbi.

Mpingo sunakhale chete pa izi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu, pa nambala 2290, amaphunzitsa kuti woika moyo wake ndi wa ena pachiswe pamsewu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro amalakwa kwambiri. Ndimaona kuti wotulutsa njinga usiku akudziwa kuti nyali ndi yakufa sali kutali ndi mlandu umenewu, ndipo ngati njingayo ndi yanu, mlanduwo ukukukhudzani ngakhale simuyendetsa ndinu.

Pamsonkhano wanu ukubwerawu, amene muli ndi njinga pakhomo mubwere mutaona tsiku lothera COF ndiponso mutayesa nyali pakhoma. Enafe tisanakwere madzulo tiziyamba tanena kuti, "Achimwene, tayatsani kaye nyali ndione, yakumbuyonso." Akakana, dikirani njinga ina.