Mpamba uli mufoni: kuuteteza ku mavairasi ndi mbava

Kale wogulitsa tomato pa Lizulu kapena usipa ku Limbe ankamanga ndalama pansonga ya chitenje. Lero ambiri ndalama za tsiku lonse zimagona mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo manambala a makasitomala ndi a oodetsa katundu ali mufoni momwemo. Foni ikalowa vairasi kapena ikagwera m'manja olakwika, mpamba wa miyezi ingapo umatha usiku umodzi.

Vairasi ndi kapulogalamu koipa kamene kamabisala m'kati mwa zinthu zooneka zabwinobwino. Pa mafoni a Android, omwe ndi ochuluka m'misika, njira yake yaikulu ndi mafayilo a APK amene anthu amapatsana pa Xender kapena pa WhatsApp, komanso mamemori khadi okaikitsa nyimbo ndi mafilimu pa kompyuta yomwe imalandira makhadi ambirimbiri patsiku. GB WhatsApp, yomwe achinyamata amaikonda, si ya eni WhatsApp, ndipo palibe angatsimikize zomwe waika m'katimo amene waifalitsa. Malo oyenera kutengako mapulogalamu ndi Play Store, ndipo m'menemo muli Play Protect yomwe imafufuza zoipa mufoni. Imangofunika kukhala yoyatsa.

Pulogalamu iliyonse ikamaikidwa imapempha zilolezo, ndipo apa ndi pamene ambiri amangodina osawerenga. Tochi kapena masewera a mpira alibe chifukwa chowerengera ma SMS. Yopempha zotere ikufuna manambala otsimikizira amene banki imatumiza pa meseji. Foni yodwala imadziwika: batire kutha msanga, bandulo ya sabata kutha tsiku limodzi, zotsatsa malonda kumangotulukira zokha, kapena kupezeka pulogalamu yomwe mwini sanaikemo. Yotereyo ichotsedwe. Ikakanika, mwini asunge kaye manambala ndi zithunzi kwina, kenaka achite factory reset, ndipo asinthe ma PIN onse.

Komabe ndalama zambiri za amalonda sizibedwa ndi vairasi, zimabedwa ndi pakamwa. Nthawi imene makasitomala aunjikana pabenchi, meseji imalowa yonena kuti K45,000 yalandiridwa. Posakhalitsa wina amaimba modandaula: "Pepani mayi, ndalakwitsa nambala, ndi ya kuchipatala, ndibwezereni." Mesejiyo ndi yolemba pamanja, yochokera pa nambala wamba. Wamalonda wochenjera sabweza kanthu, ndipo sapereka katundu, asanaone balansi yekha pa *211# kapena *444#. Chithunzi cha meseji chomwe kasitomala akuonetsa pa foni yake si umboni wakuti walipira.

Ena amaimba ngati ogwira ntchito ku kampani ya foni, akuti laini itsekedwa kapena mwini wapata mphoto, ndiye atchule PIN kapena adine manambala omwe akumuuza. Kampani siifunsa PIN ya munthu. Chimodzimodzinso nambala ya madijiti 6 yomwe WhatsApp imatumiza: woipereka walanditsa akaunti yake, ndipo mbavayo imayamba kupempha ndalama kwa makasitomala ndi achibale m'dzina lake. Kuyatsa two-step verification kumatseka khomo limeneli, ndipo sikutenga mphindi ziwiri.

PIN isakhale chaka chobadwa kapena 1234, ndipo isalembedwe kuseri kwa kope la ngongole, lomwe limakhala poyera tsiku lonse. Potchajitsa foni pamsika, isiyidwe yokhoma kapena yozimitsa. SIM khadi nayo ili ndi PIN yakeyake, yomwe imalepheretsa wakuba kuigwiritsa ntchito akaiika mufoni ina.

Foni ikabedwa, choyamba ndi kutseketsa laini ku kampani, kenaka kukanena kupolisi. Apolisi amafuna nambala ya IMEI, yomwe imaoneka podina *#06#, choncho ndi bwino kuilemba lero n'kuisunga kunyumba. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limati kulowa mufoni kapena mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndiponso kufalitsa mavairasi ndi milandu, ndipo bungwe la MACRA limalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni. Wodandaula asafufute meseji ngakhale imodzi ya wakubayo, ndipo alembe nambala, tsiku ndi nthawi yomwe anaimba.