Phunziro: Chibaba Sichithawa Mkwapulo

Pali mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin, amene anthu ambiri amadzibaya nawo m'mitsempha. Munthu akawazolowera, thupi lake liwafuna tsiku ndi tsiku. Akawasowa anjenjemera, asanza, namva kuphwanya m'mafupa. Chibaba chotere ndi nthenda. Phunziro lino lionetsa chimene chichitika pamene boma liyesa kuchiza nthenda ndi chilango.

1. Nyumba zotsekeramo odwala

M'chaka cha 2011, dziko la Vietnam lidali ndi nyumba 123 zotsekeramo anthu a chibaba, ndipo otsekeredwa adali pafupifupi 40,000. Apolisi ankawagwira ndi kuwapititsa kumeneko osaonekera kubwalo la milandu, ena mpaka zaka zinayi. Bungwe la Human Rights Watch lidapeza kuti mankhwala ao adali thangata: kusenda mtedza wa kashu, umene utomoni wake umaotcha manja. Wokana ntchito ankamenyedwa kapena kutsekeredwa m'chipinda cha yekha.

2. Nkhanza ifalitsa HIV

Kachilombo ka HIV kamayenda ndi magazi otsalira m'jakisoni wobwerekana. Munthu woopa kugwidwa safika kuchipatala kukatenga jakisoni watsopano kapena kukayezetsa magazi. Amabisala, nabwereka wa mnzake. Ndipo wotuluka m'nyumba zija amatuluka ndi chibaba chake chomwe. Ku Malaysia, akatswiri adatsata magulu awiri a odwala, nalengeza zotsatira mu 2017: mwa ochokera kotsekeredwa, theka adabwerera ku mankhwala m'masiku 31 okha, mwa ochizidwa mwaufulu, theka adapirira masiku 352.

3. Njira yachifundo

Ochizidwa mwaufuluwo ankalandira methadone, mankhwala akumwa kamodzi pa tsiku pamaso pa namwino. Amaziziritsa chibaba, kotero kuti munthu aleka kudzibaya, nagona kwao, nagwira ntchito yake. Bungwe la WHO lidaika methadone pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2005, ndipo Vietnam yomwe idayamba kuwayesa mu 2008 ku Hai Phong ndi ku Ho Chi Minh City. M'mwezi wa Malichi 2012, nthambi 12 za United Nations zidapempha maiko onse kuti atseke nyumba zotsekeramo odwala.

4. Chofunika kukumbukira

Munthu sataya umunthu wake chifukwa cha nthenda. Ayenera kumvedwa ndi woweruza asanamangidwe, kufunsidwa asanachizidwe, ndi kulipidwa akagwira ntchito. Kumlanda zimenezi ndiko kumlakwira iye mwini, ndiponso kuika pangozi mkazi wake ndi mwana wosabadwa, pakuti kachilombo kotengedwa mobisala kamafika kunyumba.

Mafunso okambirana

(a) Chifukwa ninji mantha afalitsa HIV?
(b) Kodi methadone asiyana bwanji ndi heroin?
(c) Banja lokhala ndi mwana wa chibaba limthandize motani popanda kummanga?